Bwalo la Rickwood Lisungidwe Pamodzi ndi Mbiri Yache Yonse

Mu mzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku United States of America, muli bwalo la masewero lotchedwa Rickwood Field. Bwaloli linatsegulidwa pa 18 August, 1910, ndipo ndilo lakale koposa mwa mabwalo onse a m'dzikolo amene anamangidwira osewera mpira wa baseball molipidwa. Fenway Park la ku Boston linadza pambuyo pache m'chaka cha 1912, ndi Wrigley Field la ku Chicago m'chaka cha 1914. Mabwalo ena omveka a msinkhu wache anagwetsedwa kale-kale. Ebbets Field la ku Brooklyn linagwa mu 1960 ndipo pamalo pache panamangidwa nyumba zogonamo anthu. Polo Grounds la ku New York linagwa mu 1964.

Awerengi athu angafunse kuti kodi bwalo la kutali chotere, la mpira umene ambiri a ife sitiusewera, litikhudza bwanji. Yankho lathu ndi lakuti pa bwalo limeneli pali funso limene mzinda uli wonse ukomana nalo: kodi malo amene anthu anasangalalirapo, koma amenenso ena ananyozedwerapo chifukwa cha khungu lao, tiyenera kuwachita chiani? Ife tikhulupirira kuti anthu a ku Birmingham anachita mwa nzeru posunga bwalo lao, ndipo tifuna kufotokoza zifukwa zache.

MPIRA WACHE NDI WOTANI

Poyamba tilongosole pang'ono za mpirawo. Timu iri yonse ikhala ndi osewera 9 m'bwalo. Munthu mmodzi aponya kampira kolimba kokwana m'dzanja, ndipo wa timu inayo ayesa kukamenya ndi chibonga cha mtengo. Akamenya athamanga kuzungulira malo anai oimapo, ndipo akafikanso pamene anayambira osagwidwa, timu yache yapeza chigoli chimodzi. Womenya wamphamvu angathe kutumiza mpira kunja kwa mpanda, ndipo pamenepo azungulira mosatekeseka. Masewero amodzi agawidwa m'zigawo 9, matimu nasinthana kuponya ndi kumenya. Anthu a ku America aukonda mpirawu kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo kwa nthawi yaitali anautcha masewero a mtundu wao.

MWINI CHITSULO AMANGA BWALO

Birmingham ndi mzinda umene unabadwa chifukwa cha migodi. Unakhazikitsidwa mu 1871 pa malo pamene malasha, miyala ya chitsulo ndi miyala ya laimu zipezeka moyandikana, ndipo zitatuzi ndizo zofunika posungunula chitsulo. Anthu akuda ndi Azungu anakhamukira kumeneko kukafuna nchito m'migodi ndi m'ng'anjo. Makampani akulu anali ndi matimu ao a baseball, a Azungu paokha ndi a anthu akuda paokha, ndipo m'matimu a makampaniwa ndimo munachokera osewera ambiri odziwika.

Amene anamanga bwalo la Rickwood ndi Bambo A. H. Woodward, amene anzao anali kuwatcha Rick, mwana wa banja la eni kampani ya Woodward Iron. Iwo anali mwini timu ya Birmingham Barons, ndipo anafuna bwalo lofanana ndi Shibe Park la ku Philadelphia ndi Forbes Field la ku Pittsburgh, amene onse awiri anatsegulidwa mu 1909. Motero analimanga ndi chitsulo ndi simenti pa mtengo wa madola 75,000, pa nthawi imene mabwalo a mizinda yaing'ono anali a matabwa osachedwa kupsa. Dzina la bwalo linatengedwa ku maina ao omwe, Rick ndi Wood. Pa tsiku loyamba anthu oposa 10,000 anasonkhana, ndipo Barons inagonjetsa timu ya ku Montgomery ndi zigoli 3 kwa 2. Mu 1936 anaikapo nyali za magetsi pa nsanja zazitali za chitsulo, kuti anthu ogwira nchito masana azitha kuonerera masewero usiku.

BWALO LIMODZI, MATIMU AWIRI

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Barons inali timu ya Azungu okha-okha, monga analiri matimu onse a m'mabungwe akulu a baseball pa nthawiyo. Anthu akuda, poona kuti chitseko chatsekedwa, anadzipangira mabungwe ao. Mu 1920 Bambo Rube Foster anayambitsa Negro National League mu mzinda wa Kansas City, ndipo m'chaka chomwecho ku Birmingham kunabadwa timu ya Birmingham Black Barons. Timu imeneyi inali kubwereka bwalo la Rickwood polipira, nisewera masiku amene Barons ya Azungu inali pa ulendo.

Pamene Azungu anali kusewera, anthu akuda ofuna kuonerera anapatsidwa mipando ya kumapeto kwa bwalo, yopatulidwa ndi ya anzao. Pamene Black Barons inali kusewera, zinthu zinatembenuka: anthu akuda anadzaza mipando yabwino, ndipo Azungu odza kudzaonerera ndiwo anakhala padera. Tsiku lalikulu linali Lamulungu. Anthu anali kufika atabvala zobvala zao za ku chalichi, ndipo kawiri-kawiri khamu lao linaposa la timu ya Azungu. Mwini bwalo sanadandaule, pakuti ndalama za pa khomo sizidziwa khungu.

Pa bwalo limeneli anaseweraponso akatswiri a Azungu onga Babe Ruth ndi Ty Cobb pamene matimu ao anadzacheza. Koma ulemu waukulu wa Rickwood uchokera kwa Black Barons. Satchel Paige, amene ambiri amuyesa mmodzi wa oponya mpira opambana onse, anasewera m'timuyi kuyambira 1927 kufikira 1930. Timuyi inapambana mpikisano wa Negro American League katatu, mu 1943, 1944 ndi 1948, ngakhale kuti maulendo atatu onsewo inagonja kwa Homestead Grays pa masewero otsiriza olimbirana ukulu wa matimu onse a anthu akuda.

M'chaka cha 1948 woyang'anira timu, Bambo Piper Davis, analandira mnyamata wa zaka 17 amene anali asanamalize sukulu, mwana wa munthu wogwira nchito amene nayenso anasewera m'matimu a makampani. Dzina lache linali Willie Mays. Mu 1950 mnyamatayu anatengedwa ndi New York Giants, ndipo pofika nthawi yopuma anali atamenya mpira wozungulira nawo bwalo lonse nthawi 660. Anthu odziwa mpirawu akamawerenga osewera opambana onse a m'mbiri, dzina la Mays silisowa pakati pa oyamba.

M'MENE LAMULO LINAPHERA MPIRA

Tiyenera kukumbukira kuti tsankho la ku Birmingham linali lolembedwa m'buku la malamulo a mzinda. Munali lamulo loletsa munthu wakuda ndi Mzungu kusewera pamodzi masewero onga njuga, ndipo mu 1950 khonsolo inalikuza kuti likhudzenso baseball ndi mipira ina. Izi zinachitika patapita zaka zitatu chilowere Jackie Robinson m'timu ya Brooklyn Dodgers pa 15 April, 1947, tsiku limene munthu wakuda anayambanso kusewera m'mabungwe akulu. Pamene mizinda ina inali kutsegula zitseko, Birmingham inali kuonjezera mipiringidzo.

Munthu amene anayang'anira malamulo ameneway anali Eugene Connor, wodziwika ndi dzina lakuti Bull. Nchodabwitsa kuti iyeyu anayamba kumveka chifukwa cha mpira womwewu, pakuti anali kuulutsa masewero a Barons pa wailesi. Anthu atazolowera mau ache anamsankha kukhala phungu mu 1934, ndipo mu 1937 anakhala mkulu woyang'anira apolisi ndi ozimitsa moto a mzindawo. Ndiye amene mu May 1963 analamula kuti ana a sukulu oyenda mwa mtendere m'miseu awakhwirizire agalu ndi kuwathira madzi amphamvu a m'mipope yozimitsira moto. M'chaka chomwecho Dr. Martin Luther King anatsekeredwa m'ndende ya mu mzindawo, ndipo pa 15 September bomba linaphulika pa chalichi cha Baptist cha mu 16th Street ndi kupha asungwana anai.

Zotsatira za kuuma mtima kotere zinagwera Azungu omwe. Bungwe la Southern Association, m'mene munali Barons, linakana osewera akuda. M'mbiri yache yonse munasewera mmodzi yekha, Nat Peeples, ndipo iyenso anaoneka pa masewero awiri okha mu 1954. Anthu akuda analeka kupita kukaonerera, matimu akulu anachita mphwayi kutumiza anyamata ao ku bungwe lotero, ndipo potha chaka cha 1961 bungwelo linafa. Mu 1962 ndi 1963 Barons kunalibe. Pa nthawi yomweyo akulu a mzinda anasankha kutseka malo onse opumirako anthu m'malo momvera khoti limene linalamula kuti mitundu yonse ilowe. Tsono amene anati akutchinjiriza mwambo wao anatsala opanda mpira ndi opanda malo oseweramo ana ao.

Barons inabweranso mu 1964, chaka chimene Boma la America linakhazikitsa lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse, ndipo tsopano munali Azungu ndi anthu akuda m'timu imodzi. Mu 1967 timuyi, imene pa nthawiyo inali kutchedwa Birmingham A's, inali ndi anyamata amene pambuyo pache anamveka dziko lonse, onga Reggie Jackson ndi Rollie Fingers. Apa tiphunzirapo kuti chimene lamulo linamanga, lamulo lomwe ndilo linamasula. Mtima wabwino wa munthu mmodzi-mmodzi sukadatha kutsegula chitseko chimene Boma la mzinda linatseka.

MTENGO UMENE ANALIPIRA ANTHU AKUDA

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ambiri saikonda. Kulowa kwa Jackie Robinson m'mabungwe akulu kunali kupambana, koma kunaphanso matimu a anthu akuda. Matimu amenewa anali pakati pa malonda akulu amene anthu akuda anali nao. Anali kudyetsa oyendetsa mabasi, eni mahotela, ophika zakudya ndi olemba manyuzi. Pamene osewera abwino anatengedwa mmodzi-mmodzi, anthu oonerera nao anatsata. Negro National League yachiwiri inatha pakutha pa chaka cha 1948, ndipo masewero a chaka chimenecho pakati pa Black Barons ndi Homestead Grays ndiwo anali otsiriza a mtundu wao. Black Barons inakhalapobe movutika kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, kenaka inazimirira.

Ndiponso eni matimu ena sanalipidwe. Bambo Branch Rickey a Dodgers anatenga Robinson osapereka kanthu kwa eni Kansas City Monarchs, timu imene iye anali kusewerako. Osewera anapeza malo, koma oyang'anira ndi eni matimu anasiyidwa panja. Munthu wakuda woyamba kuyang'anira timu ya m'mabungwe akulu, Frank Robinson, anayamba nchitoyo mu 1975, patapita zaka 28. Chifukwa chache tikuti bwalo la Rickwood ndi umboni wa zinthu ziwiri pamodzi, nkhanza ya tsankho ndi luso la anthu amene anadzimangira chao m'kati mwa nkhanzayo.

AMENE ANALIPULUMUTSA

Potha chaka cha 1987 Barons inasamukira ku bwalo latsopano la ku Hoover, kunja kwa mzinda, kumene anthu a ndalama anali atasamukira. Ndi kumeneko kumene Michael Jordan anasewera m'timuyi mu 1994. Rickwood linatsala lokha, denga likudontha, ndipo njira imene Forbes Field linayenda mu 1971 ndi Shibe Park mu 1976 inali kulidikira.

Mutu umodzi susenza denga. Mu 1992 anthu wamba a mu mzindawo anapanga gulu lotchedwa Friends of Rickwood, nayamba kusonkhetsa ndalama ndi kukonza bwalolo pang'ono-pang'ono, pamene umwini wache unakhalabe m'manja mwa mzinda. Mu 1993 linalembedwa m'kaundula wa Boma wa malo a mbiri. Opanga kanema anadza kudzajambulirapo zithunzi zonena za mpira wa kale, monga Cobb mu 1994 ndi 42 mu 2013, chimene chifotokoza moyo wa Jackie Robinson. Kuyambira 1996 Barons inayamba mwambo wobwerera ku bwalo lakale pa masewero amodzi m'chaka, osewera atabvala zobvala za makedzana. Matimu a masukulu nao anapatsidwa malo, makamaka a Miles College, sukulu imene inakhazikitsidwira anthu akuda.

Mu December 2020 akulu a Major League Baseball anabvomereza kuti mabungwe 7 a anthu akuda a zaka za 1920 mpaka 1948 anali mabungwe akulu mofanana ndi a Azungu. Mu May 2024 mawerengero a osewera ao anaphatikizidwa m'buku limodzi, ndipo Josh Gibson wa Homestead Grays anapezeka pamwamba pa Ty Cobb pa luso la kumenya mpira. Willie Mays anaonjezeredwa mipira 10 imene anamenya ali mnyamata wa Black Barons.

Pa 20 June, 2024, matimu awiri akulu, St. Louis Cardinals ndi San Francisco Giants, anasewera pa Rickwood pofuna kulemekeza mabungwe a anthu akuda. Mays, amene mwambowo unakonzedwa makamaka chifukwa cha iye, anamwalira pa 18 June ali ndi zaka 93, kutatsala masiku awiri. Mpira woyamba anaponya Mbusa Bill Greason a zaka 99, amene anasewera pamodzi ndi Mays mu 1948. Oweruza masewero onse anali anthu akuda. Cardinals inapambana ndi zigoli 6 kwa 5.

Koma chimene anthu anachikumbukira koposa ndi mau a Reggie Jackson pa wailesi ya kanema madzulo omwewo. Atafunsidwa za kubwerera kwache pa bwalolo, sanayankhe zokondweretsa. Anafotokoza m'mene mu 1967 anali kukanizidwa chakudya m'nyumba zodyera ndi malo ogona m'mahotela, ndi m'mene woyang'anira timu, John McNamara, ndi anzache ena a Azungu anaimira naye, kotero kuti kumene iye anakanizidwa timu yonse inachokako. Izi zinali kuchitika patapita zaka zitatu lamulo lothetsa tsankho litakhazikitsidwa.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene anena kuti ndalama zosungira bwalo lakale zikadathandiza koposa pa masukulu, miseu ndi nyumba za anthu okhala mozungulira bwalolo, amene ambiri a iwo ndi anthu akuda osapeza bwino. Mau amenewa ali ndi nzeru ndipo sitiwapeputsa. Kukadakhala kuti bwalolo litsegulidwa tsiku limodzi lokha, alendo olemera nabwera, najambulitsa zithunzi, nabwerera kwao, tikadagwirizana nao. Koma bwalo limene ana a sukulu aseweramo chaka ndi chaka ndi chuma cha anthu a pomwepo. Kuligwetsa sikukadamanga sukulu ngakhale imodzi. Kukadangosiya thengo pamene panali chinthu chokopa anthu kudza ku dera lao. Chofunika ndi chakuti akulu a mzinda aonetsetse kuti phindu la alendo lifika kwa oyandikana nalo.

Ena anena kuti malo a tsankho sayenera ulemu. Pano tisiyanitse. Chifanizo choimikidwa kutamanda munthu wozunza anzache ndi chinthu china, ndipo bwalo limene ozunzidwawo anaonetserapo luso lao ndi chinthu chinanso. Mabwalo ambiri amene matimu a anthu akuda anaseweramo anatha, ndipo otsala ndi owerengeka. Ngati Rickwood likadagwa, mbiri ya Barons ya Azungu ikadatsalabe m'manyuzi akulu amene anailemba tsiku ndi tsiku; imene ikadaonongeka koposa ndi ya Black Barons, imene manyuziwo sanaisamale. Mwana amene ayimirira pa malo pamene Mays anayimirira, naona kumene agogo ache anauzidwa kukhala, amva m'mtima chimene buku la m'kalasi silingamuuze.

Chowopsa chimene ife tichiona chiri pena. Nkwapafupi kuti eni mpira asandutse bwaloli malo odzitamandira, monga ngati mlandu unatha pamene anachita phwando la tsiku limodzi. Mawerengero anena zina. Mu 1991 osewera akuda a ku America anali pafupi 18 mwa 100 ali onse a m'mabungwe akulu, koma mu 2024 anali pafupi 6 okha. Mu 2022 masewero otsiriza olimbirana ukulu wa dziko lonse anachitika popanda wosewera wakuda wobadwira mu America, chinthu chimene chinali chisanaoneke chiyambire 1950. Chimodzi mwa zifukwa zache ndi ndalama, pakuti mwana wofuna kuonedwa ndi ofuna osewera ayenera kulipira zida, aphunzitsi ndi maulendo, ndipo mabanja osauka sangathe. Matimu a makampani amene analera Piper Davis ndi atate wache wa Mays kulibenso.

Chotero ife tiona kuti mzinda wa Birmingham uyenera kupitiriza kusamala bwalo lache monga usamala miseu ndi zipatala, osasiyira katundu yense pa mapewa a anthu odzipereka. Eni mabungwe akulu, amene analemera ndi osewera ochokera m'matimu a anthu akuda, ali ndi ngongole imene angaibweze pothandiza ana a m'madera otere kupeza zida ndi aphunzitsi. Ndipo onse oonetsa alendo bwalolo awauze zonse: za Woodward ndi chitsulo chache, za Paige ndi Mays, za mipando yopatulidwa, ndi za Connor amene anayambira pa mpira womwewu. Anthu a ku Birmingham akachita zimenezi, ana ao adzakhala ndi pamalo poseweramo ndi pophunzirira zimene zinachitikira makolo ao.